Msewu Waulere Wopita ku Naivasha

Loweruka lapitali linali tsiku loona ana kusukulu yogonera komweko imene mwana wathu Tiyamike wayamba chaka chino, cha ku Naivasha. Geti amatseka folo koloko. Tinanyamuka mu Nairobi, momwe timakhala, nthawi yabwino, mayi ake atakazinga nkhuku ndi mandasi, ndipo pa Kangemi tinadutsa tikuimba nyimbo za kwaya.

Titafika pamwamba, pomwe msewu watsopano umayamba kutsikira kuchigwa, tinapeza chitsulo chopingasa msewu pachipata cholipiritsa magalimoto. Kalaliki anatulutsa dzanja pazenera. "Lipa, mzee," anatero m'chinenero chawo, kundiuza kuti ndilipire.

Ndilipirenso chiyani? Msonkho wa galimoto ndinapereka kale. Kwathu ku Malawi ndinakula tikulambula msewu ndi makasu, mudzi wonse, ndipo palibe anaimapo pamlatho kutambasula dzanja. Mtima unandiwawa. Ndinakhotetsa galimoto kulowera msewu wakale wokhotakhota m'mbali mwa phiri.

"Bambo a Tiya, ingolipirani tizipita," anatero mayi.

"Mayi, phiri ili analenga ndi Mulungu, osati kalalikiyu."

Ndimanena zanzeru ndikakwiya, ine.

Tsono pali kachizolowezi kamene ambiri a ife tinaphunzira kwa madalaivala akwathu: ukafika pamtsetse, chotsa giya, galimoto iziyenda yokha, petulo asungike. Pazitunda za ku Dedza ndachita zimenezi kambirimbiri. Koma mtsetse uwu sutha. Kutsogolo kunali lole ikukwawa, ine phazi lili pabuleki, mpaka tinamva fungo la chinthu chopserera. Nditapondanso, phazi linangofika pansi. Ndinakoka buleki yamanja, galimoto n'kukaima pamiyala, kumanzere kuli phompho. Mayi sanakuwe. Anangogwira poto wa nkhuku uja zolimba.

Tinakhala pamenepo maola awiri kudikira kuti mabuleki azizire, ine ndikuopa ngakhale kuliza injini.

Mnzanga wina kuofesi, wochokera ku Ulaya, amati kwawo anabowola mapiri, ndipo kuti udutse m'mphangamo umalipira padera, pamwamba pa msonkho wa msewu. Ndinkamuseka. Pamiyala paja ndinayamba kumumvetsa. Msewu wa paphiri si wofanana ndi wa pachidikha. Mvula imaugumula, miyala imaugwera, ndipo amene amaukonza naye ali ndi ana.

Komabe sindikuti nkhani yatha. Ine ndimadutsa kamodzi pa teremu. Nanga mayi wa kuchigwa amene amakweza kabichi pamatatu, minibasi za kuno, sabata ndi sabata kukagulitsa mumzinda? Mtengo wa chipata umalowa m'tikiti yake. Iye analakwa chiyani, kubadwira kuseri kwa phiri? Olemba malamulo aziganizira zimenezi, ndipo ife tizifunsa ngati ndalamayo ikukwiriradi maenje. Kudandaula n'koyenera.

Chimene sichinali choyenera ndi kudandaulira pa chiwongolero, mkazi wanga ali pambali.

Tinafika kusukulu geti litatsekedwa. Makolo onse anali atapita, pabwalo pali mapepala a masiwiti okhaokha. Mlonda anatimvera chisoni n'kukaitana mwana wathu kuti tilankhule naye pa mpanda, mphindi zochepa. Tiyamike anabwera atavala yunifolomu yosita bwino, m'manja muli kope la masamu limene ankafuna kutionetsa. Maso anali ofiira.

Ndinakonzeka kunamizira msewu, boma, ngakhale lole ija. Iye sanafunse n'komwe.

"Adadi, musadandaule," anatero. "Anzanga ndawauza kuti kwathu n'kutali, ku Malawi, ndiye simukanatha kubwera."

Mwana wazaka khumi ndi zitatu anakhala tsiku lonse akuyang'ana pageti, kenako n'kundipekera bodza londitchinjiriza. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo.

Pobwerera ndinalipira osatsegula pakamwa. Inu amene mumati "ine sindingalipire" monga ndinachitira ine, mwina mukunena zoona ndithu. Koma musanakhotetse galimoto, dzifunseni kaye: mukakana inu, alipire ndani?