A Kalimbuka ndi Bondo la Mayi Namaona

Mukamva Amalawi a ku London akuti "a Loya", dziwani kuti akunena a Reinford Kalimbuka. Ine ndagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, madesiki athu oyang'anizana, ndiye ndikamva dzina limenelo ndimachita mseru. Loya wake uti? Ofesi yathu ili ku Lewisham, pamwamba pa shopu yokonza mafoni, ndipo loya alimo mmodzi yekha, mwini wake a Trevor Weston, mzungu wadazi amene amadya sangweji ataimirira. Ine ndine Wezzie, wa pa risepushoni. A Kalimbuka ntchito yawo ndi kudzaza mafomu, kupanga fotokope, kuimbira zipatala kuti zitumize mapepala a odwala, ndi kumasulira kasitomala akakhala kuti Chingerezi chikumupiringiza. Basi, yathera pomwepo.

Milandu yathu ndi ya anthu ovulala. Wina waterereka mu supamaketi, wina wagundidwa ndi njinga yamoto ya anyamata operekera zakudya m'makomo, wina wathyoka msana pa ntchito. Ife timalimbana ndi makampani a inshuwalansi kuti munthuyo alandire chipukutamisozi.

A Kalimbuka anabadwira ku Balaka. Iwo amati kumudzi anali "mu Judishale", koma mlamu wanga amene anakhala nawo ku Zomba akuti ankanyamula mafayilo pa khoti n'kumaitana mayina a anthu pakhonde. Kuno anabwera mu 2004 kudzaphunzira zamalamulo. Anaphunziradi chaka chimodzi, zaka zinazo zinathera pa khomo la mashopu akulondera atavala jekete lachikasu. A Weston anawalemba ntchito chifukwa cha chinthu chimodzi, ndipo pamenepa sindinganame, amachitha: amadziwa Mmalawi aliyense ndi Mzimbabwe aliyense wa magazi akwathu, kuchokera ku Thamesmead mpaka ku Edmonton. Munthu akagwa pa masitepe, asanadzuke n'komwe foni yake yayamba kale kulira, a Kalimbuka akumupepesa.

Koma matama, abale! Suti ya mapisi atatu ngakhale kutenthe bwanji. Ali ndi chikwama cha mateyala chimene amakoka ngati maloya a ku khoti lalikulu. Tsiku lina ndinachitsekula pofuna sitepula, ndinapezamo chaja, ambulera ndi kontena ya nyemba. Kasitomala akafika amamusiya pa benchi theka la ola, iwo ali tsinya lili gwa pa kompyuta, pomwe ine ndikuona pa galasi la kumbuyo kwawo kuti akuwerenga za mpira. Ine amanditcha "mtsikana wanga wa pa foni". Mtsikana ine, wa ana atatu, woyamba wanga Junior ali ku yunivesite! Mxii.

Zonsezo ndinkangoseka. Kuseka kunatha ndi nkhani ya mayi Eliza Namaona.

Mayi Namaona ndi amasiye, a zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina ku Thamesmead. Makina onyamulira odwala atawonongeka, bwana wawo anati azingonyamula ndi manja kufikira atakonzedwa. M'mawa wina nkhalamba ina inawapulumuka pochoka pa bedi. Mayiwo anaiwakha kuti isamenyetse mutu, iwo n'kugwera pa bondo ndi kulemera kwa anthu awiri. Bondo linaphwanyika mkati, ntchito inathera pomwepo. Amakhala pa nsanjika yachitatu yopanda lifiti, ndipo chimene ankayembekezera pa mlanduwu ndi chakuti achitidwe opaleshoni msanga ndi kupeza nyumba yapansi, asamalize moyo wawo akuyang'ana dziko pa windo.

Mlandu unali woyera ngati mpunga. A inshuwalansi anali atavomera kale kuti makina anali owonongeka, chinatsala ndi kugwirizana kuti munthuyu wavulala motani. Sitetimenti yawo anaitayipa ndi a Kalimbuka, ndi zala zawo zomwe. Munalembedwa kuti sangathe kuima mphindi zoposa khumi, sangakwere masitepe popanda ndodo, ndiponso sangathe kugwada. Pofika pa mfundo imeneyi mayiwo analira. Anati, "Ngakhale popemphera ndimangokhala pa mpando ngati ndikudikira basi."

A Weston ali ndi chenjezo limene amapereka kwa kasitomala aliyense. A inshuwalansi ali ndi anthu awo amene ntchito yawo ndi kusuzumira pa Facebook, ndipo akakupeza ndi chinthu chimodzi chooneka ngati bodza, mlandu wonse wafa, mwinanso n'kukugamula kuti ulipire maloya awo. A Kalimbuka anamasulira zimenezi akugwedeza chala. "Mayi, Facebook muiiwale. Ku ukwati osavina. Ndanena ine."

Inafika 6 Julaye, tsiku la ufulu wa Malawi. Amalawi tinasonkhana mu holo ina ku Edmonton, Loweruka masana, anthu pafupifupi mazana awiri. A Kalimbuka anali atathandiza kulipira holoyo, ndiye anapatsidwa maikolofoni. Musamapatse maikolofoni munthu wotere, ndakupemphani. Anandikodola n'kundipatsa foni yawo.

"Wezzie, jambula zonse. Tipangepo advati."

Ndinalandira foniyo. Pamenepa sindibisa, ndinalandira ndine.

Anayamba: "Ine solisita wanu, loya wovomerezeka ndi boma, Reinford Kalimbuka, palibe mlandu umene unandikanika." Anadzitama mpaka ana anayamba kuthamangitsana pansi pa matebulo. Kenako anati, "Mayi Namaona ali kuti? Bwerani kuno, anthu aone ntchito za manja anga."

Mayiwo anadzuka ndi ndodo yawo. M'manja anali ndi thumba la mpunga wa Kilombero umene mchemwali wawo anatumiza kuchokera kumudzi, ndipo anaubweretsa dala kuti awapatse a Loya pambali, mwakachetechete. Tsopano aitanidwa pamaso pa gulu. Awa ndi mayi okulira ku Dedza, mayi a Chigwirizano kutchalitchi. Mayi wotere sapereka mphatso kwa bambo wolemekezeka ataimirira ngati mtengo, anthu mazana awiri akuona. Ndinawaona akuyang'ana pansi, akuyang'ananso anthu. Anatsamiritsa ndodo pa tebulo, n'kutsika mpaka mawondo onse awiri pansi, akumwetulira mano ali olumana.

Mwana wa zaka khumi akanati, "Ayi mayi, imani." A Kalimbuka, amene anatayipa okha kuti munthuyu sangagwade, anatukumula chifuwa. Analandira mpunga mosafulumira, anaika dzanja pa phewa la mayiwo ngati bishopu, n'kutembenukira kwa ine kuti nkhope ituluke bwino. Azimayi nthungululu zili lululu.

Kutsika kunatheka, kudzuka kunakanika. Anayesa koyamba, anabwerera pansi. Anayesa kachiwiri, anakuwa, "Mayo ine!" mpaka holo yonse inati zii. Amuna awiri anathamanga kudzawanyamula m'khwapa, misozi ili chuchuchu, mwendo ukukokeka pansi. Nthawi yonseyi a Kalimbuka anali akutchula nambala yawo ya foni pa maikolofoni, kawiri, kuti anthu alembe bwino. Vidiyo yonse inali mphindi zitatu. Ndinawabwezera foni yawo.

Lamlungu madzulo ndikutsekula Facebook, ndi iyo! Aidula, yatsala masekondi makumi awiri: mayi akugwada, akumwetulira, akupereka mpunga. Pamwamba alemba kuti "Kasitomala wokhutira." Ayikapo nyimbo ya kwaya.

Lolemba ndinawapeza asanavule jekete. "A Kalimbuka, chotsani vidiyo ija. Mwaiwala zimene zili mu sitetimenti?"

"Iwe, zamalamulo wazidziwira kuti? Anthu zikwi zinayi aiona kale. Kayankhe foni uko."

Ndinayenera kugogoda kwa a Weston nthawi yomweyo. Sindinapite. Kwathu sitinaleredwe kuti uzikanenera munthu wamkulu kwa bwana, makamaka bwana wachizungu, ndiye ndinangobwerera pa desiki yanga. Ndimadzida nazo mpaka lero.

Patatha masabata atatu inabwera kalata ya a inshuwalansi, yonenepa. Mkati munali zithunzi zinayi zochokera mu vidiyo ija, pambali pake ayikapo mzere wa mu sitetimenti woti sangathe kugwada. Anati mayiwo ndi abodza, ndipo akapitiriza mlandu akawauza a khoti choncho. A Weston anafiira mpaka pa dazi. Anatiitana tonse awiri.

Ine ndinati, "Bwana, vidiyo imeneyo ndi yodula. Yonse ikuonetsa kuti analephera kudzuka, anachita kunyamulidwa akulira."

A Weston anapumira m'mwamba. Anati ngati zili choncho ndiye kuti vidiyo yonseyo ndi umboni wabwino kuposa kalata ya dokotala, ibwere pompano. A Kalimbuka anakhosomola. Anati foni aiiwala kunyumba. Foni ili m'thumba la jekete, ine ndikuiona mutu wake!

Ndinawatsatira ku kakhitchini kathu n'kutseka chitseko. "Bambo inu, mukuchita chiyani? Perekani vidiyoyo."

Ananong'ona. "Wezzie, kumayambiriro kwa vidiyoyo ndinanena kuti ndine ndani?"

"Munati ndinu solisita."

"Ndiye ukudziwa kuti dziko lino kudzitcha solisita usali, ndi mlandu wa polisi? Khoti likafuna vidiyo limafuna yonse, yosadula. Ukufuna ndimangidwe chifukwa cha bondo la munthu? Ndipo ndani anawauza kuti agwade? Ine ndinangoti abwere kutsogolo."

Anatulutsa foni ine ndili pomwepo. Anafufuta vidiyoyo, n'kupitanso kumene zofufutidwa zimakakhala, n'kukafufutanso kumeneko. M'maso muli gwa. Atamaliza anatenga kapu n'kuyamba kufunafuna shuga.

Apa ndiye ndinakauza a Weston zonse, koma madzi anali atatayika kale. Ndinaimbira aliyense amene anali mu holo muja. Ojambula analipo ambiri, koma onse anatsitsa mafoni pamene mayiwo anakuwa, chifukwa munthu wamkulu akagwa sajambulidwa. Amuna awiri amene anawanyamula aja atamva mawu akuti khoti, wina anati sakukumbukira bwino, winayo anasiya kuyankha foni. Ine ndinalemba umboni wanga, a inshuwalansi anayankha kuti ndine wantchito wa ofesi yomweyo, ndinganene chiyani china.

A Weston anawauza mayiwo kuti popeza vidiyo inachokera kwa wantchito wathu, ofesi yathu yalowa kale m'nkhaniyi, ndiye apeze maloya ena. Maofesi awiri ataona zithunzi zija anakana. A inshuwalansi anati akasiya mlandu, iwonso sawatsatira. Mayiwo anachita mantha ndi mawu akuti wabodza kuposa china chilichonse. Anasaina zosiya mlandu.

Nanga a Kalimbuka? Anaimitsidwa ntchito masabata awiri. Pa masabata amenewo benchi yathu inakhala yopanda munthu, ndipo a Weston, amene amadziwa kukalipa koma amadziwanso kumene chakudya chawo chimachokera, anawaitananso. Anabwera ndi tayi watsopano. Kwa Amalawi anafalitsa kuti mayi uja anawononga yekha mlandu chifukwa chosamvera malangizo.

Lachitatu lina m'mawa mayi Namaona anabwera kudzatenga mapepala awo a kuchipatala. Masitepe athu ndi khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ndinamva ndodo ikugogoda imodziimodzi kwa nthawi yaitali. A Kalimbuka atazindikira kuti ndi ndani, anadzuka n'kukadzitsekera ku chimbudzi. Mayiwo anafika ali wefuwefu, anakhala pa benchi, ndinawapatsa envelopu yawo.

Anati, "Amake Junior, a Loya kulibe? Mundipepesere kwa iwo. Anayesetsa bambo aja, ine ndi amene ndawachititsa manyazi pa ntchito yawo."

Iii! Ndinati, "Mayi, musapepese munthu ameneyo. Si loya, sanakhalepo loya." Ndinawauza zonse, mokweza dala kuti zimveke mpaka kuchimbudziko: kuti vidiyo yonse inalipo, kuti ikanawapulumutsa, kuti anaifufuta ine ndikuona pofuna kudziteteza. Ndinkayembekezera kuti atukwana, kapena alira, ndipo ndinali wokonzeka kutukwana nawo limodzi.

Anasisita envelopu. Kenako anafunsa, "Mwaidziwa bwanji vidiyo yonseyo inu?"

"Ndinajambula ndine, mayi."

"Mpaka pamene ndinkalephera kudzuka paja?"

"Mpaka kumapeto."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo, ndipo kupanda mkwiyoko ndi kumene kunandipweteka. "Ndiye munali pafupi pomwepo, amake Junior. Ine ndikukuwa pansi, inu osaika foniyo pa tebulo n'kudzandidzutsa?"

Mayiwo anatola ndodo yawo. Anadzuka okha movutikira. Nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize pa masitepe, anati, "Ayi, zikomo, ndatha." Anapanira ndodo ndi envelopu m'khwapa, anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri, n'kuyamba kutsika chafutambuyo, mwendo wabwino patsogolo, wopwetekawo ukutsatira.