Bokosi la Kompyuta Lopanda Mabowo

Inu owerenga, ine ndinaononga ntchito ya munthu amene ankandikonda, ndipo sunali umbuli ayi. Cholakwikacho ndinachiona ndi maso anga, koma pakamwa panakanika kutseguka.

Ndinafika mumzinda wa Tete patapita zaka zingapo nkhondo itatha. Banja lathu linali litabwerako ku Malawi komwe tinathawira, n'kukhazikikanso kwathu ku Angoniya, ndipo ine ndinatsikira kuno ndi kasukulu kanga ka kumudzi kudzafuna ntchito. Ndinaipeza ku Matundo, dera la kutsidya kwa mlatho, mu ofisina, kapena kuti malo ogwirira ntchito zamanja, yopanga zikwangwani. Masitolo ankatsegulidwanso, aliyense akufuna dzina lake pakhomo. Tinkagwiritsa ntchito akiriliko, pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi.

Anzanga onse ankalankhula Chinyungwe, ine n'kumangotolako pang'ono. Akaseka sindinkadziwa ngati akuseka ine, choncho nkhomaliro ndinkadyera ndekha kuseri. Koma akiriliko ndinamuzolowera. Ukamuboola mothamanga amang'aluka, ndiye ndinkayamba ndabunthitsa nsonga ya chiboolero pamwala, kuika thabwa pansi, n'kumadonthezera madzi kuti asasungunuke. M'mbali ndinkapala ndi pepala lokhakhala lonyowa, kenako losalala, n'kumalizira ndi nsalu yopaka mankhwala otsukira mano mpaka kunyezimira.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandilankhula m'chilankhulo cha kwathu. Ndiwatchule kuti a Fabiano, bambo wachikulire wa ku Tsangano, amene anali ndi kabaraka, kanyumba ka bizinesi, kolembera anthu makalata pafupi ndi pokwerera shapa, maminibasi a kuno. Anali ndi kompyuta yakale, bokosi lake lopindika ndi ladzimbiri. Mmenemo ankasungamo makalata a anthu obwerera kwawo: opempha malo, opempha ziphaso, ofunafuna abale amene anasowana nawo pothawa. Ndikaweruka ankandisunthira pabenchi n'kundifunsa za mvula ya kwathu.

Tsiku lina anandipempha kuti ndiwapangire bokosi loonekera, kuti anthu aziona zam'kati mwa makinawo. Ndinasangalala zedi. Kenako anawonjezera kuti, "Koma timabowo tambirimbiri tija ta pabokosi lakaleli ayi, mwanangu. Fumbi la ku Matundo kuno lingandiphere makina. Pongodutsira nthambo basi."

Ine ndinali nditaikapo dzanja kumbuyo kwa bokosi lakalelo n'kumva mpweya wotentha ukutuluka. Kuntchito nakonso chikwangwani cha nyali m'kati sitinkachitulutsa chopanda potulukira kutentha. Komabe ndinangoti, "Chabwino atate." Kwathu ndinaleredwa kuti wamkulu akanena umavomera, ndipo ndinkaopa kuti ndikawatsutsa adzandiona wamwano, benchi lija n'kundithera.

Bokosilo ndinalipanga Loweruka kangapo ndi zidutswa zimene bwana anandilola kutenga. Tsiku lina ndinafika pojambula ndi pensulo malo a mabowo papepala lokutira akiriliko, mizere yabwinobwino. Ndinaima nthawi yaitali chiboolero chili m'manja. Kenako ndinamatula pepalalo n'kulitaya.

Bokosilo linakongola, zimenezo sindikana. Anthu ankaunjikana kuonerera kafani kakuzungulira m'kati, a Fabiano akuwauza kuti wapanga ndi mwana wa kwawo. Chifikireni mumzinda uno sindinanyadepo ngati tsiku limenelo.

Koma kutentha kwa Tete mumakudziwa. Chilimwe chitafika, makina anayamba kuzima okha masana. A Fabiano anandifunsa ngati ndikuonapo kanthu, ine n'kuyankha kuti mwina ndi magetsi. Taonani, mwayi wachiwiri ndinautayanso, chifukwa tsopano ndinkaopa kufunsidwa kuti bwanji sindinanene poyamba. Patangotha sabata, m'baraka munamveka fungo la kupserera, mbali imodzi ya bokosi inapindika, makina osayakanso.

Tinawoloka mlatho limodzi kupita nawo kwa wokonza. Iye atatsegula ananena kuti zonse zosungidwamo zapita, n'kufunsa kuti ndi chitsiru chiti chinatsekera makina chonchi. A Fabiano anayankha kuti ndi iwowo. Tili mu shapa pobwerera anandiyang'ana n'kufunsa, "Iwe unkadziwa?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Titatsika anati, "Ine ndinkati ndapeza mwana, kani ndinali ndi mlendo."

M'mawa mwake ndinaona mayi wina atabwera kudzafunsa za kalata yofunira mlongo wake. Mayina ndi malo onse amene anasonkhanitsa movutikira anali m'makinamo, ndipo kapepala kake anali atataya kale pokhulupirira kuti zasungika. Ndinaimirira patali, kuona a Fabiano akumufotokozera atagwira chipewa m'manja. Mwezi usanathe anatseka baraka n'kubwerera ku Tsangano osanditsanzika.

Inu amene mukufuna kupanga bokosi lotere, boolani mabowo kutsogolo cham'munsi ndi kumbuyo cham'mwamba kuti mpweya uzidutsa. Ngati vuto ndi fumbi, matanipo kansalu ka neti. Zimenezo n'zosavuta, ndipo ndikanangonena, a Fabiano akanamva.

Chovuta ndi chinachi. Kungovomera zimene ukudziwa kuti zipweteka munthu, ine ndinkakutcha ulemu, koma anali mantha oopa kutsala ndekha, ndipo ndinatsaladi ndekha. Ngati ntchito mukuidziwa, wamkulu akalakwitsa muuzeni. Gwadani ngati mukufuna, tsitsani mawu, pepesani kaye, koma nenani.