Tsiku Limene Ndinakana Kuloza Kumanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Nkope, pamene Chizungu changa chinathera pa mawu awiri, lefuti ndi raiti. Musandiseke inu ophunzira. Inu mawuwo munawatola ulele, ine ndinawagula ndi magazi.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi ochokera ku Dedza, aMbewe, munthu wamtali wosaseka, ndodo ya bwemba ili m'khwapa nthawi zonse. Tsiku lina anatitulutsa panja kuti atiphunzitse kufunsa ndi kulondolera njira m'Chizungu. Iwo anakhala mlendo wosochera, ife eni mudzi. Lamulo lawo linali lakuti pakamwa pazinena, dzanja lizisonyeza.

Itakwana nthawi yanga anandifunsa njira ya kudoko. Ndinayankha ndi mawu anga abingu omwewa: "Go sitireti, teni lefuti!"

"Nanga dzanja? Loza!"

Kumanzereko kunali kankhalango ka masawu. Kwa iwo linali thengo chabe, poti manda athu Asilamu analibe mitanda kapena simenti. Koma m'menemo munagona amayi anga, dothi lisanaume n'komwe. Kwathu manda salozedwa ndi chala, nanji ndi dzanja lamanzere, la kuchimbudzi! Ndinachita zimene aliyense wa kuno amachita: ndinatukula chibwano n'kuloza ndi milomo.

"Ukundinyogodola ine, iwe?"

Ndodo inatera pakhutu, m'mutu munachita mkokomo ngati mwera. Anandigwira dzanjalo kuti alitambasule okha, ine n'kufumbata. Anamenya nkhonyayo mpaka zala zinang'ambika. Ndodo itathyoka anatola chidutswa n'kupitiriza pamsana. Anzanga onse chifukwa chake ankachidziwa, koma anangoti zii. Inenso sindinanene kanthu. Ine kuchonderera? Ayi ndithu.

Ababa anali pagombe akusoka ukonde. Ataona malaya atandimatirira ndi magazi, anangomva ndikutchula mawu akuti manda, basi ananyamula nkhafi.

Atafika kusukulu anawapeza aMbewe akulemba pabolodi.

"Mwalimu, ndinu amene mukufuna njira?"

Nkhafi yoyamba inathyola mkono, yachiwiri inamwaza mano pansi. Ana anatulukira m'mawindo akukuwa. Pakanapanda amuna amene anathamanga kuchokera kumsika, bwenzi tsiku lomwelo kuli maliro.

Apolisi anawatengera ababa ku Mangochi. Pobwera kundende analumbira kuti, "Wallahi, mwana wanga sapondanso pamenepo." Sindinapondenso. Ndinalowa m'bwato.

Koma zisanafike apo, tsiku limene aMbewe ankasamuka ndinawaona pamsewu akudikira lole, mkono uli m'nsalu. Wina anali atawauza za manda aja. Anandiitana, nayang'ana zala zanga nthawi yaitali.

"Bwanji sunandiuze, mwanawe?"

"Nanga inu bwanji simunandifunse?"

Lole inafika, anakwera.

Lero ndakalamba, mabwato ndili nawo anga, ndipo azungu odzaona nyanja ndimawalondolera ndi lefuti ndi raiti wanga yemweyo, sasochera. Koma mdzukulu akatumiza uthenga wa Chizungu pafoni, ndimayenda nawo khomo ndi khomo kufuna wondiwerengera. Zaka zambiri nkhafi ya ababa ndinkainyadira pabwalo. Tsopano ndimaona kuti inathyola zinthu ziwiri. Mkono wa aMbewe ndimva kuti unalunzana, sukulu yanga sinalunzane. Phunziro linali la kufunsa njira, koma mwa atatufe palibe anafunsa mnzake, palibe anauza mnzake.

Kumandako mpaka lero ndimalozabe ndi milomo.