Ndinadzutsa tchenisowo yakufa, utsi wake n'kundigwetsa

Inu owerenga, ine ndine mzimayi, namwino pachipatala china ku Indianapolis, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo chaka chatha ndinagonekedwa m'wodi momwe ndimagwira ntchito chifukwa cha utsi wa makina amene ndinakonza ndi manja angawa. Ndikufotokoza kuti wina asadzagwe mmene ndinagwera ine. Koma ndineneretu, makinawo ndimawanyadira mpaka lero.

Zinayamba amalume anga atagula nyumba yakale ku South Bend. Loweruka lina ine ndi amuna anga tinapita kukawathandiza kuyeretsa kashedi kakuseri. Pansi pa matayala ndi zitini za penti ndinapeza chitsulo cholemera, chakuda bii ndi girisi, chokhala ndi lilime lalitali ladzimbiri. Inali tchenisowo, makina aja ochekera mitengo, koma yamtundu umene ndinali ndisanauonepo, yachitsulo chokhachokha popanda pulasitiki. Amalume anati ipite kudzala. Nditaipempha anaseka n'kunena kuti, "Tenga mwanawe, ukapsinjire chivindikiro cha bini." Malemu bambo anga anali makaniko wa njinga zamoto ku Dedza ndipo ndinakula ndikuwapatsira masipanala, choncho injini yakufa imandimvetsa chisoni ngati wodwala wosiyidwa yekha.

Kunyumba kwathu ku Beech Grove, vuto loyamba linali kudziwa mtundu wake, chifukwa popanda dzina zipangizo sungazipeze. Penti yonse inali itasupuka. Ndinaitsuka ndi palafini ndi mswachi wakutha, mpaka pansi pa chogwirira panaoneka kachitsulo kokhomedwa, ka manambala ofufutika. Ndinakajambula, ndipo ndikaweruka shifiti ndinkasecha pa intaneti, kufananiza ndi zithunzi za anthu osunga makina akale. Koyamba ndinaphonya, ndinaoda zipangizo za mtundu wina wofanana nayo, sizinalowe. Ndinabwerera kuzithunzi n'kuona kuti yanga chotsekera thanki chili mbali ina. Apo m'pamene ndinaidziwa. Kampani imene inaipanga inatseka kalekale, ndipo makinawo ndi aakulu kuposa mayi anga ondibereka.

Ndinaimasula yonse, chitsulo chilichonse pachokha. Kamphira ka m'kabuleta, mosakanikirana petulo ndi mpweya, kanali kouma gwaa ngati chikopa cha ng'oma. Gasiketi, yotseka molumikizana zitsulo kuti mafuta asadonthe, siinkapezeka kulikonse, ndinachita kudula ndekha. Ndinaika pulagi ndi chingwe chokokera zatsopano, tcheni ndinainyika mu oyilo kenako n'kuinola ndi tupa dzino ndi dzino. Inanditengera miyezi.

Tsiku loiliza linafika mu Januwale, masana, panja sinowo, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, ali mbuu. Amuna anga anali atapita kukagula nsomba m'mashopu a ku Lafayette Road. Chitseko cha galaja ndinachisiya chotseka chifukwa cha kuzizira, komanso ndinkaopa kusokosera maneba. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Inatsokomola, kenako inabangula. Abale anga, ndinavina ndekha m'galajamo misozi ili mbwembwembwe. Injini zakalezi petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo wambiri, motero utsi unadzaza msanga, koma ine maso anali pa kabuleta, ndikupotoza kasikuluwu kuti liwu likhazikike.

Mutu unayamba kuwawa, ndinati ndi njala. Nseru inabwera, ndinati ndi fungo la petulo. Ine amene ndimalangiza odwala za kuopsa kwa mpweya wotuluka mu injini, zizindikiro zonse ndinaziona koma chimwemwe chinanditseka nzeru. Nditati ndilunjike kuchitseko miyendo inakana. Zotsatira sindikuzikumbuka.

Amuna anga akuti atafika anaona utsi ukutuluka pansi pa chitseko. Anatsegula, n'kundikokera panja pasinowo, n'kuitana ambulansi. Ndinatsitsimuka ndili ndi chipangizo cha okosijeni kumaso, anzanga akuntchito atandizungulira. Adokotala anandiuza mosabisa kuti amuna anga akanachedwa pang'ono, bwenzi anthu akusonkha zotumiza maliro kumudzi. Amuna anga, munthu wosalira wamba, anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Amayi, mumafuna kundisiya ndekha kuno chifukwa cha chitsulo?"

Nditatuluka m'chipatala iwo anafuna kuitaya tchenisowoyo. Ndinawapepesa, koma ndinawachonderera kuti wolakwa ndine, makinawo anangochita zimene ndinawadzutsira. Tinagwirizana kuti izilira panja pokha, ndiponso wina ali pafupi, chifukwa zakalezi zilibe buleki yoimitsa tcheni ikadumpha.

Kutayamba kufunda, mphepo inagwetsera nthambi yaikulu panjira yotulukira galimoto ya neba wathu, mayi wachikulire wokhala yekha. Ndinavala magolovesi ndi zoteteza maso, amuna anga ataima pambali, n'kuidula nthambiyo zidutswazidutswa. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona. Bambo wina wa imvi anapempha kuti aikhudze tchenisowoyo, akuti bambo ake anali nayo yotere, ndipo anafunsa amuna anga kuti anaikonza bwanji. Iwo anangoloza ine.

Inu owerenga, chinthu chakale musachinyoze, konzani ndithu, ndipo amayi anzanga musaope sipanala. Koma injini iliyonse, kaya jenereta, galimoto kapena makina otchetchera kapinga, musailize m'malo otseka ngakhale kuzizire bwanji. Mutu ukayamba kuwawa zimitsani, tulukani nthawi yomweyo, zofufuza chifukwa chake mukachitire panja. Kuzizidwa manja kumatha ndi kapu ya tiyi, koma mpweya uja sukupatsa mpata wokuwa.