Makoti Awiri pa Chibwano cha a Bwerezani

Dzina loti a Bwerezani analipeza pa ntchito. Ndi opaka penti m'nyumba za anthu, ndipo khoma lililonse, ngakhale likuwala kale, amaima chapatali, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Tibwereze." Kwa iwo kupaka koti imodzi n'kunamiza mwini nyumba. Kwawo nakonso ndi ovuta: khoma la pabalaza salola kuti munthu akhomepo msomali, moti kalendala ya akazi awo imakhala pamwamba pa firiji.

Makoma a eni ake ankawasalalitsa, koma chibwano chawo chinali ngati sandipepa. Akameta ndevu, ziphuphu zinkangoti mbwee, ndiye kamera ankaithawa. Pa zithunzi zonse za pabanja pankaoneka khutu lawo lokha.

Ukwati wa mwana wawo wamkazi utayandikira, mwanayo anabwera ndi timabotolo tiwiri.

"Ababa, ndikupempha chithunzi chimodzi chokha, inu muli pambali panga, osabisala kumbuyo kwa amalume. Koyeraka ndi asidi wochotsa khungu lakufa, kobiriwiraka ndi asidi wa ziphuphu. Osaphatikiza. Lero kabotolo kamodzi, mawa nkhope ipume, mkuja kabotolo kenako."

A Bwerezani anavomera ndi mutu ngati amva. Koma munthu wa penti akaona mabotolo awiri amadziwa kuti lina ndi la koti yapansi, lina la koti yapamwamba. Madzulo anapaka koyera, n'kudikira kuti kaume, n'kupaka kobiriwira. Kenako anaima chapatali ndi galasi, n'kupendeketsa mutu. Chimene ananena mukuchidziwa kale.

Mawa lake anatandala pa makwerero, dzuwa likuswa mtengo. Pobwerera kunyumba nkhope inali ikuyaka moto, ndipo posakhalitsa inayamba kusupuka ngati penti yopakidwa pa khoma lonyowa. Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi.

Mwana uja sanaseke. Anangoyang'ana chibwanocho, misozi ili lengelenge, ndipo zimenezo zinawapweteka a Bwerezani kuposa asidi.

"Tsopano titani, mayi wanga?" anafunsa mwanayo motsitsa mawu.

"Musiye zonse, ababa. Lezalanso musakhudze. Mafuta odzola wamba basi, m'mawa oteteza ku dzuwa, ndi chipewa."

"Ndiye kuti liyambe lauma," iwo anatero, poti kwa iwo chilichonse ndi khoma.

Khungu litapola anayambiranso, kabotolo kamodzi, pang'ono, n'kudumphitsa masiku. Ntchito yovuta ngati imeneyi sanaigwirepo. Dzanja linkawayabwa kuti abwereze, mpaka akazi awo anayamba kuyenda ndi kabotolo kenako m'chikwama, ngakhale popita kutchalitchi.

Tsiku la ukwati ziphuphu zinali zitachepa, ngakhale sizinatheretu, ndipo patsaya lakumanzere panatsala kabanga kakuda. A Bwerezani anaima pambali pa mwana wawo, nkhope yonse poyera. Wojambula atati, "Tibwereze," banja lonse linafa nalo phwete, ndipo chithunzi chimene chinatuluka bwino n'chachiwiricho.

Chitafika m'fulemu yake, akazi awo anayamba kusuntha kalendala pa firiji kuti chipeze malo.

"Chisiyeni," anatero a Bwerezani. Anapita kukatenga hamala ndi msomali, n'kukhoma okha pakati penipeni pa khoma la pabalaza.