Tinagwada Kuphanga la Chongoni

Tili sitandade faifi, tinapita wapansi ndi aphunzitsi athu kukaona zojambula zakale m'mapanga a Chongoni. Ife ana a kumishoni, phanga lomwe tinkalidziwa linali limodzi basi, la Amayi Maria, kuseri kwa tchalitchi. Ndiye titangofika, tonse tinagwada n'kuchita chizindikiro cha mtanda, mbatata zathu zootcha zili m'manja.

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsamira mtengo.

"Dzukani, ana inu! Mukugwadira abuluzi?"

Pathanthwepo panalidi abuluzi oyera ndi mizere yofiira. Anatiuza kuti mizereyo anajambula ndi Akafula, koma abuluziwo anajambula ndi makolo athu enieni, tchalitchi chisanamangidwe.

Anzanga anadzuka akusasa maondo. Ine ndinakhalabe chogwada, ndikuseka nawo. Kwathu mwana saimirira pamaso pa akuluakulu.