Delbert Hruska ndi Mwana Wake

Delbert Hruska waphunzitsa mpira wa Chimereka ku Youngstown mpaka kumera imvi, ndipo omutamanda ndi okhawo amene sanalawepo ukali wake. Lamulo lake kwa anyamata asanu otchinga kutsogolo, oteteza mnzawo wonyamula mpira, ndi limodzi: onse aponde mbali imodzi, aliyense atseke malo ake, osathamangitsa munthu.

Tsiku limene a ku yunivesite anabwera kudzaona ngati mwana wake Wade, mmodzi wa otchingawo, angayenere maphunziro aulere chifukwa cha mpira, wa timu ina anamulavulira mnyamatayo. Wade anamulondola, mpata unatseguka, wonyamula mpira wa timu yawo anagwetsedwa.

"Tuluka, chitsiru iwe!" anakuwa Delbert.

"Adadi, anthu aja abwerera ine!"

"Akuonere pabenchi."

Alendowo ananyamuka masewero asanathe. Lero Wade amayendetsa lole, ndipo foni ya bambo ake sayankha.